Khoma Lalifupi, Mawu Aatali

Lirangwe,
Lachisanu masana

Felista mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi bolopeni yako yobiriwira ija, imene wakhala ukuisakasaka sabata yonse mpaka kunamizira mbuzi. Inde, ndinatenga ndine. Uipeza mu envulopu momwemu, ndiye usanditchule wakuba, ungoti wobwereka wosatsanzika. Iwe wapita ku Lunzu kukalukitsa tsitsi, ine ndati ndilembe dzuwa likadalipo, maso asanayambe kundinamiza. Ukudziwa kuti pakamwa panga palibe amene amapakhulupirira. Ndikati ndiyankhule zanzeru anthu amayamba kuseka ndisanafike pakati, ngakhale pamaliro amandiuza kuti a Juwawo inu khalani kumbuyo. Ndiye ndati mwina pepala lindithandiza, poti pepala lilibe mano otuluka ngati angawa.

Mawa ukukwera basi ya ku Mzuzu. Za koleji ndilibe chokuuza, ine sukulu ndinaisiya ili sitandade faifi, ndipo aphunzitsi tsiku limenelo anagona tulo tabwino. Chimene chandikhazika pansi ndi mawu amene unanena Lamulungu tikuchokera kutchalitchi. Unati, "Ababa, pa Khirisimasi musandidikire, ndikakhala kwa anzanga. Kuno malo anga anatha." Sunakweze mawu, unangonena ngati ukunena mtengo wa tomato. Ine monga mwa matenda anga ndinaseka, n'kunena kuti udzabwera ndithu ukadzamva kuti mango apsa. Iwe sunaseke. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chikungodutsa pakhosi osandiuza dzina lake.

Chimene chinakupweteka ndikuchidziwa. Unapita ku Chirimba kukalongosola mapepala ako, pobwera unapeza azakhali ako a Esitele ali pabedi pako, mabuku ako ali m'makatoni pabalaza, iwe mwini chipinda n'kumagona pamphasa kuseri kwa mipando ngati mlendo wa basi yowonongeka. Nyumba yawo ku Mdeka inagwa itafooka ndi mvula ya chaka chino, mwendo wawo ukuudziwa mmene ulili, ndipo ine nditamva ndinangopempha galimoto ya makala n'kukawanyamula. Nkhani imeneyi ndifikapo, usade nkhawa. Koma ndilole ndiizungulire kaye, monga amachitira munthu pakhomo pamene pali galu.

Mwezi wonse uno pakamwa pako pakhala mawu amodzi. Pafoni akomodeshoni, potsuka mbale akomodeshoni, mpaka tambala wathu ndikuganiza kuti wawaloweza. Tsiku limene uthenga unabwera woti wapeza malo ku hositelo unalumpha ngati waponda moto. Unandipatsa foni kuti ndione ndi maso anga, ndipo ine poti ntchito yanga moyo wonse yakhala ya zilembo, ndinaona kuti mnzako amene anakutumizira uthengayo walemba mawuwo ndi M mmodzi. Usamuseke. Mawu amenewa agwetsa anthu ambiri, a masuti ndi a zigamba omwe, ndipo ine anandigwetsa ndili pamakwerero. Amalembedwa chonchi, ndikulembera zilembo zazikulu ngati pachikwangwani: ACCOMMODATION. Ma C awiri, ma M awiri. Sunga zimenezo, ndi chuma chokhacho cha Chingerezi chimene bambo ako angakusiyire.

Ndinakumana nawo mawuwa ndevu zikungomera kumene. Ntchito ya penti ndinayambira ku Chileka, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege alendo akuluakulu akamabwera. Kenako mkulu wina wolemba zikwangwani anandiphunzitsa kugwira burashi yaing'ono, ndipo nditangolemba mawu oti tiyi ndi sikono pa tiyirumu imodzi, ndinadziona ngati palibenso wondiposa kuchokera ku Chileka mpaka ku Zalewa. Nthawi imeneyo a Pindani anali atamanga resitihausi pa Lirangwe pano, pomwe pali chigayo lero. A Pindaniwo anali munthu wa sukulu, anakhalako ku seminale n'kuthawa atatsala pang'ono kuvala mkanjo, chifukwa cha mtsikana wina amene pambuyo pake anakwatiwa ndi dalaivala wa lole. Anandilembera mawuwo pakapepala, anandionetsa khoma la pakati pa chitseko ndi zenera, iwo n'kupita kumsika.

Ine sindinayeze. Ndinati munthu ngati ine ayeze chiyani, diso langa ndi tepi. Ndinayamba ndi A wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, anthu a pamsewu n'kumaima kuyamikira. Nditadutsa ma C aja ndinaona kuti zenera layandikira kuposa mmene linalili m'mawa. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinati ndani pa Lirangwe pano angawerenge ma M, n'kusiya mmodzi panja. Khoma silinakwanebe. Zilembo zinayamba kuonda ngati ng'ombe za mu Okutobala, ndipo zomaliza zinakwera pamwamba pa zenera n'kukhota pangodya, kulowera njira ya kuchimbudzi. Amene ankafuna kuwerenga mawu onse ankachita kuyenda nawo.

A Pindani pobwera anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Ndinkadikira mbama, koma iwo anandipatsa chilango choposa pamenepo. Anandikhazika pamthunzi, anandigulira thobwa, n'kuyamba kundiphunzitsa. Anati mawu amenewa Angerezi sanabadwe nawo, anachita kutenga ku Chilatini, chiyankhulo chimene ansembe ankachitira Misa kale. Anati muli tizidutswa titatu tolumikiza. Koyamba ndi ad, kutanthauza ku kapena kwa. Kachiwiri ndi com, kutanthauza pamodzi. Kachitatu ndi modus, ndiye muyeso. Ad atakumana ndi com, d uja anasintha n'kukhala c kuti afanane ndi mnansi wake, n'chifukwa chake ma C ali awiri. Com ndi modus atakumana, aliyense anabwera ndi M wake, ndipo palibe amene anauzidwa kuti abwerere. Anatinso poyamba mawuwa sankanena za bedi ndi bulangete ayi, ankanena za kuyeza chinthu kuti chikwanirane ndi chinzake, monga amachitira telala. Za malo ogonazi zinachita kubwera pambuyo. Ngati anandinamiza ukafunse aphunzitsi ako kumeneko, koma munthu amene anataya unsembe chifukwa cha chikondi sindikhulupirira kuti angawonjezerenso tchimo la bodza pa d ndi c.

Thobwa litatha anati, "Juwawo, khoma likachepa sitichotsa chilembo. Timachepetsa zonse pang'onopang'ono kuti zikwane."

Ndinafufuta ndi laimu n'kuyambiranso, ulendo uno ndi chingwe. Kuyambira tsiku limenelo sindinaviikepo burashi ndisanatambasule chingwe pakhoma, n'kuchipindapinda molingana ndi zilembo, n'kulemba kaye ndi choko, poti choko chimamva madzi koma penti samva kupepesa. A wamkulu uja sanafe. Dzinja lililonse laimu akanyowa ankatulukira pansi pake ngati mzukwa, ndipo malemu mayi ako sankadutsa pamenepo osandigwira pamkono n'kundifunsa ngati mbale wanga uja ndamupatsa moni. Ndiye iwe Felista, kumene ukupitako uziyamba ndi choko. Mnzako watsopano, mnyamata wolankhula bwino, gulu la mapemphero, ngakhale mawu aukali amene afika pa lilime, lemba kaye ndi choko, uime patali, uone ngati zikukwana. Penti adikire. Mawu ako a Lamulungu aja ine ndikuwawerenga ngati a choko, ndipo ndikupemphera kuti ndisakhale kuti ndikudzinamiza.

Matenda amene a Pindani anandipatsa sanachoke. Mpaka lero ndikakwera minibasi yopita ku Blantyre, anzanga akuyang'ana zogulitsa m'mbali mwa msewu, ine ndikuwerenga makoma. Mawu athu aja ndawaona olumala mitundu yonse, ena C mmodzi, ena M mmodzi, ena onse awiri anatsalira pangozi. Tsiku lina cha ku Lunzu, pakhoma la loji ina, ndinalephera kupirira. Ndinali ndi kachitini m'chikwama, mwini loji kunalibe, ndinakwera pa dilamu n'kuyamba kulowetsa M wosowayo pamwamba, ndi kamuvi kosonyeza pamene akhale. Ndinkaona ngati ndikuchita chifundo. Mlonda anandigwira mwendo, mwini wake, mayi wina, anatulukira ndi ambulera, ndipo palibe amene anafuna kumva za Chilatini. Mayiyo anati khoma ndi lake, M akamufuna adzaitanitsa yekha. Ndinabwerera kunyumba ndi nsapato imodzi, mayi ako anaseka mpaka anakhala pansi. Ndiye ukakaphunzira zambiri kumeneko, usadzabwere n'kumakonza Chingerezi cha anthu pamaliro ndi pamjigo. Wokufunsa muuze. Wosakufunsa musiye ndi M wake mmodzi, wakhala naye zaka zambiri ndipo alendo akugonabe.

Wandiuza kuti m'chipinda cha ku hositelo mukakhala awiri, ndipo mnzakoyo sukumudziwa. Apa ndiye mvetsera, chifukwa bambo ako ali ndi digiri ya zimenezi. Ku Chileka ndinkachita lendi kachipinda kamodzi ndi munthu wina dzina lake Sitolo, gadi wa pageti ina pafupi ndi bwalo la ndege. Sitolo anali munthu wabwino, kungoti nsapato zake za ntchito zinkanunkha mpaka makoswe anasamuka, ndipo ankakonda kuimba nyimbo za kwaya ndi mawu a bulu. Inenso ndinali ndi zanga, zitini za penti paliponse, ndi chizolowezi cholawa ndiwo za anthu n'kuthiramo madzi kuti zisaoneke kuti zachepa. Tsiku lina tinakangana chifukwa cha usipa wake umene unapezeka ukusambira. Ine pokwiya ndinatenga penti wofiira n'kujambula mzere pansi, kuyambira khoma ili mpaka ilo, n'kunena kuti uko n'kwako, kuno n'kwanga, wodumpha mzere aona. Sitolo anayang'ana mzerewo, anayang'ana ine, n'kuvomera mwaulemu kwambiri. Apo m'pamene ndinaona kuti chitseko chatsala mbali yake.

Ndinkalowera pazenera, mwana wanga, munthu wamkulu wa ndevu zake, zovala za kutchalitchi zili m'thupi. Amayi a pamalopo ankatulutsa mipando kuti aonerere. Kunyada kunandiletsa kupepesa, ndipo Sitolo ankanditsegulira zeneralo yekha n'kundifunsa ngati ndayenda bwino. Zinatha ndi malungo. Ndinagona osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada, ndipo nditatsegula maso ndinapeza nsapato zonunkha zija zili mbali yanga ya mzere, mwini wake atagwada akundimwetsa phala ndi supuni. Za mzere sananenepo kanthu, ngakhale nditachira. Ndinaupala ndekha ndi mpeni, ndipo penti wofiira pa simenti, ndikuuze, sachoka msanga. Ndiye mnzakoyo akakakhala wopemphera mokweza m'mamawa, kapena wolankhula Chitumbuka pafoni ngati akuitana munthu wa tsidya la mtsinje, kapena wobwereka sopo osabweza ngati bambo ako ndi bolopeni, muuze pamaso bwinobwino. Koma usajambule mzere. Sudziwa mbali imene chitseko chidzatsalire. Ma C awiri, ma M awiri, onse m'mawu amodzi, ndipo sindinamvepo kuti anamenyana.

Koma usamve molakwa za kuchepetsa zilembo zija, nakonso kuli ndi polekezera. Munthu wina wa golosale ku Mdeka anandipatsa kabolodi kakang'ono ngati thileyi, n'kunena kuti ndilembepo zonse zimene amagulitsa. Ndikalemba shuga, akuti onjezani parafini. Ndikalemba parafini, akuti mwaiwala singano, mafuta a njinga, mankhwala a makoswe ndi dzina la mkazi wanga. Ine poopa kumukhumudwitsa ndinkangoti chabwino bwana, n'kumachepetsa. Pomaliza bolodi linaoneka ngati nyerere zagwera mu penti, anthu ankasendera pafupi kudzaliwerenga n'kumaganiza kuti ndi uthenga wa maliro, ndipo wagolosaleyo anadana ndi ine yemwe. Iwe uli ndi mtima wa mayi ako, wosatha kukana munthu. Kumeneko kudzabwera ambiri ofuna kuti uwapezere malo, pa nthawi yako, m'mbale mwako, ena ovala bwino onunkhira perefyumu ofuna malo amene sindingawalembe m'kalata. Kusendera mnzako n'kwabwino, koma ukaona kuti iwe mwini sukuwerengekanso, nena kuti bolodi ladzaza. Amene akukufunadi njira yake ndi ya kwa atsibweni ako, osati ya pazenera la hositelo. Za mazenera ndakuuza kale, ndi za anthu opusa ngati ine.

Akuti ku Mzuzu kumazizira ngakhale dzuwa lili pamutu. Juzi ya mayi ako yofiirira ija ndaiika pansi penipeni pa sutikesi, usati ndi yachikale, kuzizira sikudziwa fasho. Uzidya, usamawerenge ndi m'mimba mopanda kanthu. Kutchalitchi uzipita ngakhale wansembe akhale wogonetsa tulo.

Tsopano ndafika pa galu uja.

Ndikudziwa kuti chipinda chako sichinali bedi lokha. Pakhoma paja pali zilembo zimene ndinakulembera ndi penti wotsala usanayambe sukulu, A wobiriwira wochokera ku butchala, B wachikasu wa pa sitolo ya mbewu, iwe n'kumaziwerenga utaima pa ndowa. Pali galasi la mayi ako. Pali zenera limene unkaonera ndege zikamatsika kulowera ku Chileka, n'kumandifunsa kuti zimakagona kuti, ine n'kumakuuza kuti zili ndi khola lake ndipo amazitsekera ndi Sitolo. Zonsezo ndinkazidziwa, ndipo ndinalowetsamo munthu osakufunsa.

Kwathu kuli lamulo limene sindinakuphunzitse bwino, poti ndinkaliona ngati lachikale. Agogo anga anachokera ku Mozambique wapansi, kuseri kwa phiri la Mulanje, mitolo ili pamutu, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ankagona pamakomo pa anthu osawadziwa, mudzi ndi mudzi, mpaka anafika ku Chileka. Pa ulendo umenewo m'pamene anaika lamulo loti munthu wa banja lathu akafika pamalo pa eni, amatula mtolo wake pansi koma saumasula, kaya ali ndi njala, kaya kukugwa mvula, mpaka mwini malo atanena ndi pakamwa pake kuti masulani. Kulowetsedwa m'nyumba sikokwanira, kupatsidwa madzi sikokwanira. Mpaka mawu amenewo atuluke.

Lamuloli ine ndinaliphunzira mochedwa. Ntchito ya ku Chileka itatha ndinalibe kolowera, poti malo a kwathu abale anali atayamba kale kugulitsa kwa anthu a m'tauni. Ndinapita ku Mdeka kwa achemwali anga, azakhali ako omwewa, amene anali atangotengedwa kumene kupita kwa amuna awo a Lupiya. Ndinafika ngati mwini mudzi, jekete pamsomali, zitini pakona, n'kufunsa kuti ndiwo lero n'chiyani. Achemwali anandigwira khutu, anandimangitsa katundu yense mmene analili, n'kundikhazika pansi pa mlambe kuti ndidikire mwini khomo. A Lupiya anabwera kuchokera kumunda dzuwa litapendeka, anandiona, anakasamba kaye, anameta ndevu, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti anachita dala. Kenako anabwera n'kunena kuti masulani alamu. Ndinakhala pakhomo pamenepo mpaka tinalima n'kukolola, n'kulimanso. Nyumba inali ya chipinda chimodzi, ine ndinkagona kukhitchini ndi nkhuku yofungatira mazira imene inkandiyang'ana ngati wakuba, ndipo inali ndi chifukwa. Ndiwo zikachepa achemwali ankati iwo alawa kale pophika. Sindinawamvepo akunena kuti malo achepa.

Pobwera kuno kudzakwatira mayi ako ndinali nditaphunzira. Ukudziwa kuti kuno mwamuna amatsata mkazi, malo ndi a akazi ndi ana awo aakazi, ife amuna ndife akamwini basi. Ndinafika ndi njinga, mtolo ndi zitini zili pakaliyala zomangidwa ndi malegeni, ndinaima kumapeto kwa bwalo n'kukhala chete, chinthu chimene anthu a pa Lirangwe anali asanachionepo. Mayi ako ankaseka kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anga anatuma munthu kudzafunsa ngati ndadwala. Nditafotokoza za lamulo la kwathu, akuti anati mkamwini wamwambo chonchi sanamuonepo, amasule msanga asanasinthe.

Zotsatirazi sungazikumbuke bwino, unali wamng'ono, mano akutsogolo atachoka. Mayi ako atatisiya, maliro atatha, abale ako anakhala pansi kuti andisudzule. Sichinali chipongwe, ndi mmene zimakhalira, mkazi akamwalira mkamwini amaloledwa kubwerera kwawo kuti akayambe moyo wina, mwana n'kutsala ndi eni mbumba. Atsibweni ako a Bizaliele anayankhula bwino, anandithokoza, ena analira. Ine ndinamanga mtolo wanga panjinga yomwe ija, osadziwa ngakhale kumene ndiilozetse, ndipo tsiku limenelo nthabwala zinandithera. Ndili mkati motsanzika akuluakulu ndinamva anthu akung'ung'udza kumbuyo. Potembenuka ndinakuona iwe utakwera pa mtondo, ukulimbana ndi malegeni aja ndi tizala tako ndi mano otsalawo. Mtolo unagwa, malaya anga, maburashi, chipewa, zonse mbwee pabwalo. Unatola burashi imodzi n'kuthawira nayo m'nyumba. Atsibweni ako anayang'ana anzawo n'kunena kuti, "Mwini wake wamasula. Ife tinenenso chiyani?"

Ndakhala pano zaka zonsezi chifukwa cha tizala timeneto. Koma munthu ukakhalitsa pamalo umayamba kuiwala. Ndinakhoma malata, ndinabzala mango, anthu n'kumati kwa a Juwawo, kwa a Juwawo, mpaka inenso ndinakhulupirira. Tsiku lokatenga azakhali ako ndinadzera kwa atsibweni ako kukawadziwitsa. Iwo anandifunsa ngati ndakuuza iwe. Ndinaseka, ndinati Felista ndi mwana, ndimuuza akabwera. Anangopukusa mutu. Ndinayambanso osayeza khoma, mwana wanga, ndipo ulendo uno amene anatsala panja ndiwe.

Koma azakhali ako sanaiwale. Wakhala ukuwapatsa moni uli pakhomo osalowa m'chipindamo, ndiye sunaone. Mtolo umene tinapulumutsa m'nyumba yakugwa ija uli pakona, mu chitenje chabuluu, mfundo yake ndi yomwe anamanga ku Mdeka. Baibulo lawo lili momwemo, kapu yawo, juzi yawo, ndipo mankhwala opaka mwendo ndinachita kukagula ena. Kunja kwa mtolowo kuli madiresi awiri okha, lina akavala lina lili pachingwe. Pabedi pako amagona m'mphepete, bulangete lako analipinda n'kuliika pampando, iwo amafunda chitenje. Ndawachonderera, ndawaseka, ndawauza kuti ine ndalola. Anandiyankha kuti, "Iwe ndi ine tonse ndife alendo pano. Mwini wake sanandiuze." Kukhala chete kwawo kumene iwe umakuona ngati kunyada, ndi manyazi a munthu amene akugona pabedi la eni.

Ndiye wati malo ako anatha. Ayi mayi, malo ako ndi okhawo amene alipo pano. Nyumba iyi, munda wa kudambo, mango amene ndimawanyadira ngati ndinawabereka, zonse zinali za mayi ako, ndiye kuti ndi zako. Amene alibe malo ndi ine ndi mlongo wanga.

Tsopano ndilole ndivule chipewa, ndikuyankhuleni moyenera. Mayi Felista, ine Juwawo, mkamwini wa pakhomo panu, ndinalowetsa mlongo wanga m'nyumba mwanu osapempha. Ndalakwa. Ndikupempha malo a mlongo wanga, ndipo ngati mungalole, ndikupemphanso kuti ndiumbe njerwa ndimumangire kachipinda kumbuyo, kuti chanu chibwerere kwa inu. Mukakana sitidzakunenani, ndi ufulu wanu. Tidzafuna kwina, ndipo ndidzakhalabe bambo anu kulikonse kumene ndingakagone.

Koma yankho limeneli si la pafoni, sindidzalilandira ngakhale mulitumize ndi tizithunzi ta mitima. Mwini malo amayankha ataima pamalo pake, wopemphayo akumuona pakamwa. Mukaona kuti mtima wakonzeka, mawa popita kusiteji chitseko cha chipinda chanu chili panjira. Mukaona kuti sunakonzeke, musadzikakamize chifukwa cha chisoni. Kwerani basi, kaphunzireni, mukaganize bwino. Tidikira.

Ndati tidikira chifukwa mitolo tsopano ilipo iwiri. Wanga ndaumanga lero, uli kuseri kwa chitseko cha pabalaza, poti chilolezo chimene munandipatsa muli wopanda mano ndachiwononga ndekha, chikufunika chatsopano. Wa azakhali anu mutha kuwauza amasule mawa ngati mwafuna, iwo ndi odwala. Wangawu musaukhudze mawa, ndaumanga ndi mfundo ya Khirisimasi. Ndingokudziwitsani kuti lezala langa lili momwemo, ndi buluku la kutchalitchi lomwe. Mukapanda kubwera, anthu a pa Lirangwe adzaona nkhalamba ya ndevu zofika pamchombo ikulowa m'tchalitchi itavala kabudula wa penti, ndipo aliyense wondifunsa ndidzamuuza kuti eni malo ali ku Mzuzu, sanandiyankhe.

Muyende bwino, mayi.

Ine mlendo wanu wakalekale,
bambo ako,
Juwawo